Magazini Yosanama ya Ottmar Lindekamp

Ottmar Lindekamp anagwira ntchito ali m'mwamba pafupifupi moyo wake wonse. Anali woyendetsa kireni padoko la ngalande ku Hildesheim, chimakina chija chonyamula malasha, tirigu ndi zitsulo m'maboti n'kukatula kumtunda. Anali wamfupi, wa chifuwa chotakata ndi manja ngati mafosholo. Chifukwa choti tsiku lonse ankaona anthu paliwombo pokha, ngakhale akatsika ankayankhulabe ngati aliyense ali pansi pake.

Ntchito ya kireni imachuluka kudikira. Boti likachedwa, munthu umangokhala m'kachipinda kagalasi n'kumayang'ana abakha. Ottmar ankatayitsa nthawi ndi magazini a zausodzi, ngakhale kuti chibadwire anali asanaponyeko mbedza m'madzi. M'mawa wina wamvula, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anafika pa kaokala ka Mayi Rehbein pa siteji ya basi n'kupeza magazini a nsombawo atatha.

"Tengani iyi, Bambo Lindekamp," anatero mayiwo. "Yangoyamba kumene kutuluka, dzina lake Bitbote. Akuti ndi ya makompyuta. Ikungondithera malo pano."

"Muli nsomba m'menemo?"

"Muli mawaya."

Ottmar anainyamula n'kuiyeza kulemera m'manja ngati akuyesa njerwa. Inali yolemera, yoti munthu sangaimalize sabata imodzi. Anaigula chifukwa cha kulemerako basi.

Tsiku limenelo sanamvemo kanthu, koma anaiwerenga yonse mpaka dzina la kampani yosindikiza. Chinamukoka ndi kalembedwe kake. Anthu ake sankanyengerera. Akatenga makina, ankawamasula zomangira zonse, kuwayatsa mpaka atenthe, kenako n'kulemba mosapsatira kuti awa ndi abwino, awa ndi zinyalala. Zinamveka kuti kampani ina yopanga mapulinta inakwiya n'kuleka kutsatsa malonda ake m'magaziniyo, ndipo mwezi wotsatira akonzi anasiya tsamba lonse loyera, atangolemba pakati kuti, "Apa pakanakhala pulinta ija, koma nayonso sisindikiza kanthu." Kuyambira pamenepo mbiri ya Bitbote inakula. Anthu a maphunziro ankaiwerenga, ogulitsa m'masitolo ankaiopa, ndipo mkangano wa makompyuta unkatha munthu akangonena kuti, "Zalembedwa mu Bitbote."

Mawu amenewa anakhala a Ottmar. Lachinayi lililonse akaweruka ankakhala ndi anzake patebulo lawo lapakona mu bala ya pafupi ndi doko, ndipo kumeneko anasanduka katswiri. Aliyense wofuna kugula kompyuta m'dera lawo ankamutenga Loweruka kupita naye kusitolo. Iye ankalowa magaziniyo ataipanira kukhwapa, chikuto chikuonekera bwino. Wogulitsa akayamba kutamanda makina ake, Ottmar ankangotsegula tsamba lililonse, kuyang'ana makinawo, kuyang'ananso tsambalo, n'kutsokomola pang'ono.

"Hmm," ankatero.

"Chavuta n'chiyani, bambo?"

"Ayi, palibe. Pitirizani, tikumva."

Wogulitsayo ankayamba chibwibwi, thukuta lili kamukamu, kenako ankathamangira kuseri kukatenga makina ena abwinopo. Tsiku lina mnzake amene anamuperekeza anasuzumira kuti aone zimene zinaopsa wogulitsayo, n'kupeza kuti tsambalo linali lotsatsa mipando ya mu ofesi.

Chinthu chimodzi chokha sichinkanenedwa: Ottmar analibe kompyuta. Anachinena ndi mlamu wake Detlef, mchimwene wa mkazi wake Irmela. Detlef ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi, ankavala taye ngakhale Lamlungu, ndipo sankagona tulo poganiza kuti munthu wa malasha akufunsidwa nzeru. Pa Khirisimasi ina, Irmela atangoika tsekwe wowotcha ndi kabichi wofiira patebulo, Detlef anafunsa mokweza kuti onse amve.

"Kodi alamu, inuyo kompyuta yanu ndi ya mtundu wanji? Sindinaionepo. Kapena mumaisunga mu kireni?"

"Yoyenera ine sinatuluke," anayankha Ottmar uku akudula ntchafu ya tsekweyo. "Bitbote ikuti anzeru adikire chaka chamawa."

Chaka chamawacho chitafika anayankhanso chimodzimodzi, ndipo zinapitirira choncho mpaka Irmela anatopa nazo. Mayiyu ankaphika kukhitchini ya sukulu, ndipo anali munthu wosakonda zokambakamba. Mwamuna wake atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu, anapita yekha kusitolo, wopanda magazini, n'kusankha kompyuta imene mtundu wake unkagwirizana ndi makatani a pabalaza. Ottmar anathokoza, kenako anathamangira pamulu wa magazini ake kukafufuza.

"Akuti ndi yapakatikati," anatero atagwa nkhope.

"Ndiye igwirizana ndi mwini wake," anayankha Irmela.

Chomupweteka kwambiri chinali choti makinawo ankagwira ntchito bwinobwino.

Bitbote inali ndi mwambo umodzi umene owerenga ake ankaudikira chaka chonse. M'kope la mwezi wa Epulo, pakati pa nkhani zoona zokhazokha, akonzi ankabisamo imodzi yabodza, yolembedwa mwaulemu ngati zinzake, yokhala ndi manambala ndi zithunzi zomwe. Kope la Meyi ndi limene linkaulula. Apa ndiye Ottmar ankadzitama koopsa, chifukwa chaka ndi chaka ankaligwira bodzalo. Ankafika ku bala, kumenya chala patsamba n'kunena kuti, "Ili apa. Ine sangandigwire, ndimawadziwa ngati ana anga."

Chaka chimene anagwa nacho chinali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene intaneti inkalowa m'nyumba kudzera pa waya wa foni, kabokosi kake kakulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Chithunzi chimodzi chinkatsika pang'onopang'ono moti munthu unkatha kukafulula khofi n'kudzapeza changofika pamphuno. Kope la Epulo litabwera, Ottmar anagwira bodza lake mosavuta: nkhani yoti posachedwa kubwera mafoni a m'manja otha kujambula zithunzi.

"Foni yojambula!" anaseka mpaka kutsamwa ndi mowa. "Aise, chaka chino afooka anthuwa. Mawa atiuza kuti kuli ketulo yowerenga nyuzi."

Atachotsa nkhawa ya bodzalo, anawerenga zotsalazo ndi mtima wonse, ndipo anapeza nkhani imene inamuimitsa tsitsi. Inkati zinthu zimayenda mu waya wa foni ngati madzi mu paipi, zimathamanga potsetsereka, zimawefuka pokwera. Choncho munthu polandira zinthu aike kompyuta pansi kuposa soketi ya foni, ndipo potumiza aikweze pamwamba. Panali ndi chithunzi cha pulofesa wina wa ndevu atakwera pamakwerero, kompyuta ili m'manja.

Kwa munthu amene wakhala akukweza ndi kutsitsa katundu kuyambira unyamata wake, nkhaniyi inalibe pokayikitsa. Ndani sadziwa kuti malasha amatsika msanga kuposa mmene amakwerera? Ottmar anangodabwa kuti nzeru yapoyera chonchi inamudutsa bwanji.

Iwo ankakhala pansanjika yachitatu ya nyumba yakale, ya masitepe ozungulira okhala ndi mpata pakati, kuyambira kudenga mpaka pansi. Ena akanangoika kompyuta pansi pa tebulo, koma Ottmar sanali wa zinthu zazing'ono. Anatola kagudumu, chingwe chachitsulo ndi chopukusira chakale pamulu wa zotayidwa kudoko. Anakhoma thabwa lokhala ndi zotchingira m'mbali, n'kugula mawaya ataliatali. Pofika Loweruka, bokosi la kompyuta linali likulendewera pakati pa masitepe, pamene galasi lake ndi mabatani zinatsala pabalaza, chitseko chili chotsegula kuti mawaya adutse. Chinasowa ndi munthu wopukusa.

"Irmela, tagwira apa. Ndikati tsitsa, uzitsitsa."

"Ine ndili ndi supu pamoto."

"Supu idikira, sayansi sidikira. Tsitsa! Tsitsabe! Pang'ono... basi, gwira pomwepo!"

Bokosi lija linatsika mpaka kukaima pafupi ndi mabokosi a makalata. Ottmar anayang'anitsitsa galasi, kenako anakuwa kuti chithunzi cha boti chatsika ngati mphezi. Irmela anasuzumira, n'kuona botilo likutuluka mzere umodziumodzi monga mwa masiku onse.

"Ine ndikuona ngati n'chimodzimodzi."

"Iwe sunazolowere kuyeza. Tsopano kweza, ndikufuna kutumiza uthenga kwa Detlef."

"Uthengawo ndikamuuza pakamwa, ndi mchimwene wanga," anatero Irmela, n'kubwerera ku supu yake. Kuyambira tsiku limenelo Ottmar ankapukusa yekha, kuthamangira pagalasi, kubwereranso kukapukusa, moti mwezi umenewo lamba anamukulira.

Mbiri inafala. Anzake a ku bala anabwera kudzaona, ndipo atamwa mowa wa Ottmar onse anavomereza kuti zikufulumiradi. Anthu a m'nyumbamo anazolowera kuwerama akamakwera masitepe. Nayenso Detlef anabwera, manja ali kumbuyo, akumwetulira monyoza.

"Alamu, ndiye mwasamutsira doko m'nyumba?"

Ottmar sanakangane naye. Anangomupatsa magaziniyo. Detlef anaona manambala, anaona pulofesa wa ndevu uja, ndipo kumwetulira kunatha. Patapita masiku Irmela anamva kwa mlamu wake, mkazi wa Detlef, kuti Detlef wasamutsira kompyuta yake kuchipinda chapansi pa nthaka, pakati pa mbatata ndi mabotolo a jamu, ndipo amakhala kumeneko atavala chijasi. Kuntchitonso anakaiyala nkhaniyo pamsonkhano ngati nzeru yake, mpaka ofesi yonse inatsitsa makompyuta pansi, anthu n'kumagwada poyatsa.

M'mawa umene kope la Meyi linafika, Ottmar anapeza Mayi Rehbein akupukuta misozi ndi ngodya ya epuloni. Mayiwa anali atagulitsa Bitbote zaka zonsezi osaitsegulapo, koma tsiku limenelo inali chitsegulire pakauntala.

"Mwaferedwa, mayi?"

"Ayi, Bambo Lindekamp. Tsamba loyamba, m'munsimo. Koma muyambe mwakhala pansi. Kapena mukwere pamwamba, kaya chimafulumira n'chiti."

Anawerenga ataima pomwepo. Akonzi ankathokoza onse amene anazindikira kuti nkhani ya waya wotsetsereka inali yocheza, ndipo ankapepesa kwa amene anathyola misana ponyamula makina. Pulofesa wa ndevu uja anali woyang'anira nyumba ya ofesi yawo. Za foni yojambula zithunzi, ankati ambiri anaiyesa bodza, koma inali yoona.

Makutu a Ottmar anatentha. Basi inabwera n'kupita iye ali chiimire. Tsiku limenelo anakwera mu kireni ngati nkhalamba, ndipo mpaka masana sanadye buledi wake. Sichinali chipongwe cha ku bala chokha chimene chinkamuwawa. Ankamva ngati mnzake wapamtima, amene wakhala naye m'kachipinda kagalasi zaka zambirimbiri, wamuchotsera mpando iye akukhala. Kenako, akutsitsa tirigu m'boti lachiwiri, anakumbukira Detlef ali m'chijasi pakati pa mbatata. Anakumbukiranso kuti Detlef sagula Bitbote. Anthu amene anali pansi anadabwa kumva woyendetsa kireni akuseka chikhakhali yekhayekha m'mwambamo.

Ataweruka anaimbira foni ku ofesi ya magaziniyo n'kufotokoza zimene anamanga. Kumbali inayo munthu amene anayankha anapempha kuti abwereze pang'onopang'ono, anzake amve nawo. Anagwirizana zotumiza mtolankhani ndi kamera. Ottmar atangoika foniyo, anaimbira Detlef.

"Alamu, a Bitbote akubwera Loweruka. Akufuna kujambula anthu amene anaitsatira bwino nzeru ija. Ine pakamwa sindichedwa kupunthwa, mukudziwa. Pakufunika munthu wophunzira woti afotokoze."

"Ndiona ngati ndipeze mpata," anatero Detlef.

Loweruka Detlef anafika m'mamawa, atavala taye yatsopano. Mtolankhaniyo anali mayi wa magalasi, ndipo Ottmar anamuchingamira pansi pa masitepe n'kumunong'oneza mawu awiri. Detlef anaima pafupi ndi bokosi lolendewera lija n'kufotokoza momveka bwino mmene ntchito yapitira patsogolo ku ofesi kwawo chitsitsireni makompyuta, ndi mmene iye anayamba kalekale kuganizira zimenezi magaziniyo isanalembe. Mtolankhaniyo ankalemba ataluma mlomo, mapewa akugwedera. Detlef anaganiza kuti mayiyo ali ndi chimfine, mpaka anamupatsa kansalu kopukutira.

Chithunzicho chinatuluka mu Juni, chachikulu theka la tsamba. Ottmar anagwira chopukusira, akuseka, diso limodzi atatsinzina. Detlef ankaloza bokosilo ndi nkhope ya munthu wotsegulira mlatho. M'munsi analembamo kuti, "Owerenga athu awiri a ku Hildesheim. Mmodzi wawerenga kope la Meyi."

Detlef sanapondenso pakhomopo mpaka masamba anayoyoka m'mitengo. Irmela anamukalipira mwamuna wake mokwanira, kuti wachititsa manyazi mchimwene wake pamaso pa dziko lonse. Atamaliza anadula chithunzicho, kuchiika mu felemu n'kuchipachika kuchimbudzi. Ku bala Ottmar ananena kuti iye ankadziwa kuyambira pachiyambi, zonse zinali msampha wotchera mlamu wake.

"Iwe usatipusitse," anatero mnzake wina. "Si iwe unkakuwa kuti tsitsa, tsitsa, mpaka msewu wonse kumva?"

"Msampha wabwino umafuna khama," anayankha Ottmar, n'kuitanitsa mowa wa tebulo lonse kuti nkhaniyo ithe. Siinathe, koma anthu ankaiseka akumwa.

Kompyuta inabwerera pabalaza, koma chingwe chija sichinachoke msanga. Anthu a m'nyumbamo anapeza kuti n'chothandiza pokweza matumba a mbatata ndi makireti a mowa. Agogo ena a pansanjika yapamwamba anali ndi kagalu konenepa, kamiyendo ifupiifupi, kamene masitepe anali atakakanika, ndipo kanazolowera kukwera pathabwapo m'mawa ndi madzulo kakuyang'ana anthu monyada. Zinatha tsiku limene landilodi anabwera mosayembekezeka n'kukumana ndi galu akutsika kuchokera kumwamba.

Ottmar atapuma pantchito, zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mayi Rehbein anatseka kaokala kawo, ndipo magaziniyo inayamba kubwera papositi. Inaonda, popeza otsatsa malonda anathamangira pa intaneti, ngakhale kuti pakamwa pake panakhalabe pakuthwa. Anthu analeka kumutenga Ottmar Loweruka. Aliyense ankangofunsa foni yake. Iye sanasiye kuwerenga, ndipo makope akale anadzaza chipinda chawo chapansi mpaka njinga ya Irmela inayamba kugona panja.

Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Anasintha magalasi, anagula galasi lokuzira zilembo, koma pamapeto pake kope lina linakhala patebulo sabata yathunthu lili m'pepala lake. Ottmar ankangolisisita ndi dzanja. Anasiya kupita ku bala, anasiya ngakhale kutsutsa wailesi. Masana ena Irmela anang'amba pepalalo, kuvala magalasi ake n'kukhala pampando woyang'anana naye.

"Ndiyambire pati?"

"Pachikuto," anatero Ottmar. "Usadumphe kanthu."

Mayina a makinawo ankamupota lilime, ndipo Ottmar ankamukonza mosangalala, mawu ake akubwerera mwakale. Anachita zimenezi tsiku lililonse akatha kudya. Patapita miyezi, Irmela akuwerenga nkhani ya makina atsopano osungira zithunzi, anapitiriza ndi mawu omwewo, osakweza kapena kutsitsa.

"Kafukufuku wathu wasonyezanso kuti amuna opitirira zaka makumi asanu ndi awiri amene amakonda makompyuta ayenera kuyenda panja tsiku lililonse, makamaka kuperekeza akazi awo kumsika n'kunyamula dengu."

Ottmar anatembenuza mutu. "Zalembedwa pamenepo?"

"Zalembedwa mu Bitbote."

Kukamwa kwa Ottmar kunanjenjemera ngati munthu woletsa kuyetsemula. M'mawa mwake anavala chipewa n'kunyamula dengu. Kumsika anakumana ndi anzake awiri a kudoko, ndipo Lachinayi lotsatira anapezekanso patebulo lapakona.

Kuyambira pamenepo kafukufuku wa magaziniyo anachuluka. Mwezi wina anapeza kuti madzi ofunda otsukira mbale amafewetsa zala zolembera pa kompyuta. Mwezi wina anapeza kuti masokosi osiyidwa pabalaza amakoka fumbi lowononga makina. Panatulukanso nkhani yoti munthu amene amaitana mlamu wake kudzadya keke Lamlungu, intaneti yake siidukaduka. Detlef anabwera, tsitsi lonse litayera, taye ili pakhosi, ndipo anadya magawo awiri.

Madzulo ena a m'dzinja, Ottmar ataima pasinki, thovu lili m'zigongono, Irmela anali kumbuyo kwake akuwerenga za mabatire a mafoni.

"Kodi mlembi watsopanoyu," anafunsa Ottmar osacheuka, "za mowa sananenepo kanthu?"

Irmela anatembenuza masamba mofatsa. "Wanena. Akuti botolo limodzi patsiku."

"Lalikulu kapena laling'ono?"

"Laling'ono."

"Ameneyu wayamba kuiwononga magazini. Ndiwaimbira akonzi amuchotse ntchito."

"Aimbire," anatero Irmela. "Koma akumaliza kunena kuti poto uyo sunamutsuke kunsi."

Ottmar anatembenuza potoyo, anapapasa kunsi kwake ndi chala, n'kumubwezera m'madzi.